Mesenjala Amene Anadikira ndi Uthenga

Amene anagwirapo ntchito pa Boma pa Chiradzulu chisanafike chaka cha 2001 amawakumbukira a Francisko Namakhwa, ngakhale kuti ambiri mwa iwo dzinalo sankalidziwa. Ankangowatchula kuti a Mesenjala. Anali munthu wamfupi, wamatewe pang'ono, wovala khaki wositidwa ndi simbi ya makala, ndipo sankasiyana ndi chikwama chachikopa chimene lamba wake anali atalumikizidwa kawiri ndi waya. Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi ntchito yawo inali imodzi: kutenga makalata mu ofesi ina ya pa Bomapo n'kukawapereka pa njinga ku Mauwa, ku Milepa, ndi kwina kulikonse kumene galimoto sinkafika msanga.

Anabadwira cha ku Milepa mu 1941, kapena mu 1942, poti khadi la ubatizo ndi chiphaso cha ntchito sizigwirizana. Agogo awo anachokera ku Mozambiki wapansi. Mu 1968 anakwatira a Falesi a ku Mauwa, nakakhala kwawo kwa mkaziyo monga amachitira amuna kuno. Pamalo amene akuchikazi anawalozera anamangapo nyumba ya njerwa zootcha, nabzala mango ndi mabulugamu. Ana anabadwa atatu. Anyamata awiri anapita ndi chikuku chaka chimodzi, wina mu Julayi, wina mu Ogasiti. Anatsala mtsikana, Bernadetta, amene pakhomo ankangomuti Bena.

Pa ntchito a Francisko anali ndi malamulo awiri. Loyamba linali lakuti kalata sitayika. Mtsinje ukadzaza ankaikulunga m'pepala la pulasitiki, n'kukhala pansi pa mtengo mpaka madzi aphwere, ngakhale zitatengera kugona kwa anthu achilendo. Lachiwiri linali lakuti munthu amene ali pa ntchito yaikulu sasokonezedwa. Lamulo limeneli analiphunzira mowawa. M'chaka chawo choyamba analowa mu msonkhano osagogoda, telegalamu ili m'manja, poganiza kuti akuchita bwino. Bwana wa nthawiyo anawakalipira pamaso pa anthu onse, nawaimika panja padzuwa mpaka msonkhano kutha. Kuyambira pamenepo ankafika, n'kuvula chipewa, n'kukhala pa benchi la pakhonde, chikwama pamiyendo, mpaka chitseko chitseguke chokha.

Ngakhale matipate atabwera mu 1994, mabwana achinyamata atayamba kuwauza kuti, "Lowani a Mesenjala, zakale zija zinatha," iwo ankangomwetulira n'kukhalabe pa benchi.

A Falesi ankawaseka nazo. "Inu bambo ake Bena, tsiku lomaliza lipenga likadzalira tonse tidzalowa. Inu mudzatsala panja, chipewa m'manja, kudikira kuti Ambuye amalize msonkhano."

"Akadzamaliza adzandiitana," ankatero.

Bernadetta anali ndi mutu wa masamu. Anasankhidwa kupita ku sekondale, kenako ku koleji ku Zomba, kumene anaphunzira za makompyuta, ndipo mu 1996 anapeza mwayi wokapitiriza maphunziro ku America. Atamaliza anapezanso ntchito komweko, m'gulu la anthu okonzekera za maulendo a mlengalenga. Pamudzi zimenezi sankazimvetsa bwino. Ena ankati Bena amayendetsa ndege, ena ankati amalosera za mvula.

Anabwera kudzadya Khrisimasi ya mu 2000, mwezi womwewo umene bambo ake ankapuma pa ntchito. Tsiku lina masana, atatu onse atakhala pakhonde akudya mango, a Francisko anafunsa funso limene analisunga zaka zinayi.

"Bena, ntchito yakoyo kwenikweni ndi yotani? Anthu akundifunsa, ine ndikumangokanda mutu."

Bernadetta anapukuta m'manja. Anatenga mwala, kapu ndi chitini chopanda kanthu, n'kuziika pansi motalikirana.

"Ababa, kumwamba kuja kuli dziko lina lofiira, amalitcha Mars. Tsiku lina anthu adzapitako. Mwala uwu ndi munthu amene akuyenda kumeneko. Wavala chovala cholemera, kumutu kuli chigoba, m'manja muli magolovesi okhuthala, moti sangalembe, sangagwire cholembera. Kapu iyi ndi kagalimoto kamene kakumutsatira. Chitini ichi ndi nyumba imene anzake atsalamo. Kuno kwathu n'kutali, mawu amatha kutenga mphindi makumi awiri kuti afike."

"Ndiye akasochera?" anafunsa a Falesi.

"N'chifukwa chake tikumupangira tiatumiki, amama. Si anthu ayi, ndi timalangizo tolembedwa m'kompyuta, koma kalikonse kali ndi ntchito yake. Kena kamakhala m'kompyuta ya kumsana kwake, kena m'kagalimoto, kena m'nyumba. Munthu uja akanena kuti, jambula mwala uwu, uutche dzina lakuti, kamtumiki kamamva, kamajambula, kamalemba malo ndi nthawi, n'kupatsira kanzake ka m'galimoto. Kanzakeko kamakatula ku nyumba, ndipo ka m'nyumba kamatumiza kuno padziko."

"Nanga njira ikaduka?" anatero a Francisko. Anali atasiya kudya.

"Funso la mesenjala limenelo," anaseka Bernadetta. "Munthu akalowa kuseri kwa phiri wailesi imaduka. Kamtumiki sikataya uthenga. Kamausunga, njira ikatseguka kamakapereka wonse, mwa ndondomeko yake. Ndinkakumbukira inu, ababa, mtsinje ukadzaza. Komanso kakhala ndi mawu oti kamuuze munthuyo, iye ali mkati mokwera phompho, sikamulankhula. Kamadikira afike pabwino."

"Kamadikira," anabwereza a Francisko.

"Ndiye kumwambako akufunanso amesenjala?" anatero a Falesi. "Bwanji osangowatenga bambo akowa ndi njinga yawo? Atopa n'kundiyang'ana ine."

Anaseka onse, nkhani n'kupita kwina. Koma a Francisko mawu aja anawatenga n'kuwasunga. Kwa zaka ziwiri ankawafotokoza kwa aliyense amene anali ndi makutu: kutchalitchi, pamsika, pamaliro. Ankatenga miyala itatu n'kuiyala pansi. "Mwana wanga akupanga amesenjala a kumwamba," ankatero, "ndipo khalidwe lawo anatengera kwa ine."

Mu Febuluwale 2003 kunabwera kalata. Bernadetta analemba kuti kuyambira pa 6 mpaka pa 20 Epulo iye ndi anzake adzakhala m'chipululu china cha miyala yofiira, kukayesa tiatumiki tija ndi anthu ovala zovala zija, ngati kuti afika kale ku Mars. "Ntchito yanga ya zaka zonsezi yagona pa masabata awiri amenewa," analemba choncho. "Zikayenda bwino atilola kupitiriza. Zikakanika, kaya." Pansi pake analemba nambala ya telefoni ya kumene adzakhale, ndi mawu akuti, "Pakachitika chilichonse muimbe."

Pa nthawiyi n'kuti a Falesi atayamba kale kudandaula m'mimba. Poyamba ankati ndi zilonda, n'kumalimbikira kupita kumunda. Kumapeto kwa Malichi anagonekedwa m'chipatala. Lolemba pa 7 Epulo dokotala anaitanira pambali a Francisko ndi a Jeremiah, mlongo wawo wa a Falesi, amene analinso mwini mbumba. Anati chotupa chafalikira, palibenso choti achite, ndipo kuli bwino mayiwo akapumire kunyumba.

"Masiku angati, adokotala?" anafunsa a Jeremiah.

"Sindine Mulungu. Koma ngati pali wina woti awaone, abwere sabata ino."

Ali m'njira yobwerera, a Jeremiah anati, "Alamu, nambala ija muli nayo. Mawa mukaimbe."

"Ndiimba."

Lachiwiri a Francisko anapalasa njinga mpaka pa Boma. M'sitolo ina munali telefoni ya byuro, yoimbira aliyense polipira, imene ankayang'anira mayi wina dzina lake Zuwena. Anafika pakhomo la sitoloyo, kalata ili m'thumba la malaya, nakhala pa benchi. Anaitulutsa n'kuiwerenganso. Anaona mawu akuti chilichonse. Anaonanso mawu akuti zaka zonsezi. Anawerengera masiku pa zala: kunatsala khumi ndi awiri. A Falesi m'mawa umenewo anali atamwa phala theka la kapu, nafunsa ngati mbuzi zamasulidwa. Munthu wofunsa za mbuzi, anaganiza choncho, angathe kufika pa Pasaka. Dzuwa litapendeka anabwerera osalowa.

Lachitatu anapitanso. Zuwena anawaona kudzera pawindo.

"A Mesenjala, dzulo mwanditenthetsera benchi, lero mwabweranso. Mukufuna kundifunsira kapena?"

"Ndikufuna kuimba kunja, mayi."

"Ndiye lowani. Foniyi siluma."

Inali itangokwana faifi koloko madzulo, ndipo Zuwena anati kumeneko kwangocha kumene. Anadina yekha manambala aja, n'kuwapatsira. Kunalira kanayi. Kenako kunamveka mawu a mwamuna, a Chingerezi chofulumira koma aulemu. A Francisko anaimirira njo, navula chipewa.

"Akukuonani kodi?" ananong'ona Zuwena.

Chingerezi cha mu ofesi ankachidziwa bwino. Anadzitchula dzina, nanena kuti ndi bambo ake a Bernadetta, akuimba kuchokera ku Malawi. Mwamuna uja anasangalala. Anati Bernadetta watuluka ndi anthu awiri ovala zovala zija, ali kutali pang'ono m'zigwa, ndipo lero ndi tsiku loyamba loyesa zonse pamodzi.

"Kodi ndi nkhani yadzidzidzi, bambo? Ndikhoza kumuitana pa wailesi pompano, tiimitse kaye zonse."

A Francisko anamva mawu akuti tiimitse zonse. M'maganizo anaona anthu aja ataima m'chipululu, mabwana atatembenuka, onse akuyang'ana mwana wawo akuchoka pakati pa ntchito chifukwa cha mkulu wina wa ku Mauwa.

"Ayi bwana. Musaimitse. Ndidikira."

"Ndimuuze chiyani akabwera?"

Nkhani ya matenda otere siperekedwa kwa mlendo kuti akaitule yekha kwa mwana wa eni ake. Komanso akanaipereka, ntchito ikanaima ndithu.

"Mumuuze kuti bambo ake apereka moni."

Anabwezera foni pamalo pake ndi manja awiri.

"Basi?" anatero Zuwena. "Ulendo wonsewo wa ku America, mawu atatu okha?"

"Ali pa ntchito," anatero, navala chipewa.

Kunyumba anapeza a Jeremiah atakhala pansi pa mango. "Mwaimba, alamu?"

"Ndaimba."

"Wati bwanji?"

"Ali pa ntchito. Uthenga ufika."

A Jeremiah anagwedeza mutu, nauza azimayi kuti Bena wamva. Azimayiwo anasesa m'chipinda chake, nayanika bulangete.

Amene sananamizike anali a Falesi. Anali atagona pamphasa pafupi ndi khomo, poti pabedi ankati pakuwaotcha. Anadikira kuti anthu atuluke.

"Bambo ake Bena, sunthirani kuno. Mwalankhula naye?"

"Ndalankhula ndi bwana wake."

"Mwamuuza kuti ndikufa?"

"Musatero, mayi."

"Ndafunsa."

A Francisko anayang'ana pansi. "Amaliza pa Pasaka. Masiku khumi ndi limodzi okha. Ntchito imeneyi waivutikira zaka zambiri. Lolemba la Pasaka m'mawa ndidzakhala woyamba pa byuro."

A Falesi anawayang'ana. Sanakwiye. Akanakwiya mwina zikanathandiza.

"Zaka makumi atatu ndi zisanu ndakhala nanu," anatero. "Chabwino. Ndiyesa. Koma mimbayi simva Chingerezi, bambo."

Anayesadi. Ankakakamiza phala ngakhale linkabwerera. M'mawa uliwonse ankafunsa kuti lero ndi pa chiyani, a Francisko n'kuwauza, iwo n'kupinda chala chimodzi. Lamulungu la Kanjedza anapempha kuti awakhazike pakhonde aone anthu akudutsa ndi masamba awo. Lolemba anasiya kudya. Lachiwiri anasiya kufunsa za tsiku. Minibasi ikamveka kumsewu ankatembenuza mutu, ndipo azimayi ankati, "Mwina ndi imeneyo," poti iwo ankadziwa kuti Bena ali m'njira. A Francisko ankamva zimenezi ali pampando wawo pakhomo la chipinda. Kawiri konse anatulutsa njinga, kawiri konse anaibwezera. Lachitatu madzulo anatsimikiza mtima kuti mawa, zivute zitani, akaimba.

A Falesi anamwalira Lachinayi Loyera, pa 17 Epulo, dzuwa litangotuluka.

Amene anapita ku byuro tsiku limenelo anali a Jeremiah. Anayankha mwamuna yemwe uja. Pasanathe mphindi zisanu Bernadetta anali pa foni. A Jeremiah atabwerera anapeza alamu awo pakhomo. Anangowayang'ana, napita kukakonza za bokosi.

Maliro anaikidwa Loweruka, poti thupi silikanatha kudikira. Bernadetta anafika Lolemba masana, atayenda masiku anayi. Anatsika minibasi ndi kachikwama kamodzi, nkhope itapsa ndi dzuwa la kuchipululu. Azimayi anamulandira ndi maliro, napita naye kumanda. A Francisko anamupatsa moni pakati pa anthu, iye anagwada n'kuyankha monga mwa ulemu.

Lachiwiri, anthu atachepa, Bernadetta anawapeza bambo ake kuseri kwa nyumba akusema mpini wa khasu umene sunkafunika kusemedwa. Anakhala pa njerwa moyang'anizana nawo.

"Ababa, adokotala anakuuzani liti?"

"Pa 7."

"Inu munaimba pa 9."

"Eya."

"Ndikananyamuka pa 9 ndikanafika pa 13. Amalume akuti pa 13 amama anakhala pakhonde. Ankalankhula."

"Ankalankhula."

"Moni wanu uja ndinaulandira," anatero Bernadetta. "Ndinabwera madzulo nditatopa, fumbi lokhalokha, akundiuza kuti bambo ako anaimba kuchokera ku Malawi, akupereka moni. Ndinasangalala, ababa. Ndinauza aliyense patebulo. Ndinati bambo anga apalasa njinga mtunda wonsewo kudzangondifunira mafuno abwino. Anzanga anaomba m'manja."

A Francisko anaika kasemasema pansi. "Ndinkaopa kukuonongera, mwanawe. Mabwana ako onse anali pomwepo. Ndinkati ukamaliza."

"Ndinalemba kuti chilichonse."

"Unalembanso kuti zaka zonsezi." A Francisko anatolanso mpini uja. "Ndiponso unandiuza wekha, pakhonde paja. Unati kamtumiki kako kakaona munthu ali pa phompho sikamulankhula. Kamadikira. Unati unatengera kwa ine."

Bernadetta anatseka maso. Atawatsegula analankhula pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana.

"Tiatumiki tija tilipo tambiri, ababa. Pali kamodzi kamene ntchito yake ndi kumvetsera mtima wa munthuyo ndi mpweya wake, basi. Kakangomva kuti mtima wasintha kapena mpweya ukutha, kameneko sikadikira. Kamadula mawu aliyense. Kaya munthu ali pa phompho, kaya wamkulu wa gulu akulankhula, kamakuwa m'makutu mwa onse, m'galimoto, m'nyumba, mpaka kuno padziko. Ndi koyamba kamene ndinapanga. Tina tonse timakapatsa njira."

"Sunandiuze za kameneko."

"Sindinkadziwa kuti n'zofunika kuuza munthu."

Nkhuku inadutsa pakati pawo ikutola zipalapala za mpini. A Francisko anafuna kunena za telegalamu ya mu 1967, za dzuwa la tsiku lija, koma anaona kuti pamaso pa manda atsopano nkhaniyo ndi yopepuka ngati mankhusu. M'malo mwake anafunsa chinthu chimene chinkawadya.

"Nanga ntchito ija? Inaonongeka utachoka?"

"Anzanga anamaliza. Zinayenda bwino." Anaimirira, nasasa siketi. "Zinayenda bwino ine kulibe, ababa. Zikanayendanso bwino ndikanachoka pa 9."

Bernadetta anakhala masabata atatu. Ankawaphikira bambo ake, ankawachapira, ankawapatsa madzi osamba. Sanawakalipire ngakhale tsiku limodzi. Koma akalowa m'chipinda chimene iwo ali, ankapeza chifukwa chotulukira.

Kuno mkazi akamwalira, akuchikazi amakhala pansi n'kumusudzula mwamuna, ndiko kuti kumumasula kuti abwerere kwawo, poti malo ndi a mbumba ya mkaziyo. Nthawi zambiri amadikira miyezi ingapo. Koma poti Bernadetta ankabwerera kutali, anagwirizana kuti mwambowo uchitike iye asananyamuke. Anasonkhana pansi pa mango, akuchikazi mbali ina, abale awiri a a Francisko ochokera ku Milepa mbali ina.

A Jeremiah analankhula mosakondera. Anati alamu awo anakhala pamudzipo zaka makumi atatu ndi zisanu osamenya mkazi, osatukwana munthu, osadutsa malire a munda. Za telefoni sanatchule, ngakhale kuti aliyense pamenepo ankazidziwa.

"Mwambo ukuti tiwamasule," anatero. "Koma masiku ano mwana akakula amakhala ndi mawu. Ambiri amati bambo athu akhale, tiziwaona pompano. Nyumbayi tsopano ndi ya Bena. Iwe Bena, ukuti bwanji? Ukanena kuti akhale, palibe amene awachotse."

A Francisko anali atakhala pa kampando kafupi, chipewa pabondo. Sanamuyang'ane mwana wawo kumaso. Ankayang'ana mapazi ake, amene anali m'nsapato za amake.

Bernadetta anatembenukira kwa a Jeremiah.

"Chitani za mwambo, amalume," anatero.

A Francisko anachoka Loweruka lotsatira, tsiku limodzi Bernadetta atanyamuka. Anatenga njinga, zovala, khasu, wailesi ndi chikwama chija. Mabulugamu, amene anali atafika poti n'kucheka matabwa, anawasiya.

Ku Milepa anafikira kwa mdzukulu wa mlongo wawo, amene anawapatsa kanyumba kamene kale ankasungiramo nandolo. Anthu a msinkhu wawo ambiri anali atapita. Ana ankawatchula kuti agogo a ku Mauwa. Poti manja anali akadali olimba, anayamba kumata machubu a njinga za kabaza pansi pa mtengo pafupi ndi msika, ndi beseni la madzi, pampu ndi kachitini ka guluu. Miyala itatu ija sanaiyalenso kwa munthu. Wina akafunsa za mwana wawo ankangoti ali kunja.

Bernadetta sanawataye. Ankalemba kawiri pachaka, pa Khrisimasi ndi mu Julayi. Ankafunsa za thanzi lawo ndi za mvula, ankatumiza majuzi ndi mankhwala a maso. Za ntchito yake sanalembenso, ngakhale mzere umodzi. Iwo ankayankha kalata iliyonse tsiku lomwelo. Katatu analembamo mawu opepesa, ndipo mayankho ankabwera onena za mvula.

Mu Okutobala 2007, tsiku la msika, a Jeremiah anatulukira ku Milepa kudzagula mbuzi. Anaona alamu awo pansi pa mtengo, napatuka. Anapatsana moni wautali, nafunsana za odwala ndi za amene anamwalira. Kenako a Jeremiah anapisa m'thumba la jekete, natulutsa envelopu yopindika m'makona.

"Mdzukulu wanu uyu. Mwina wakula tsopano, chithunzichi n'chakale."

"Mdzukulu?"

A Jeremiah anaima, dzanja lili m'malere. "Sanakulembereni?"

"Analemba mu Julayi."

"Mwanayu anabadwa mu Meyi, alamu."

A Francisko anapukuta manja pa buluku, napukutanso, koma girisi sanachoke. Anagwira chithunzicho m'mphepete ndi nsonga za zala. Panali khanda lokulungidwa m'nsalu yoyera, maso otseka, chibakera chili pa tsaya. Dzanja lolinyamula linkaoneka theka.

"Wamkazi kapena wamwamuna?"

"Wamwamuna. Bambo ake ndi mnzake wa kuntchito, wa ku Ghana. Anamanga ukwati chaka chatha." A Jeremiah anakanda chibwano. "Zimenezonso simunamve."

A Francisko anatembenuza chithunzicho. Kumbuyo kunalibe mawu.

"Anati mundibweretsere?"

A Jeremiah anali munthu wosadziwa kunama, ndipo anavutika. "Anati ndikakumana nanu ndikuonetseni. Sanati ndipite nacho. Anati ndikakumana nanu."

"Koma anatchula ine."

"Anakutchulani."

Anachiyang'ananso kanthawi. Kenako anachibwezera mu envelopu, naipereka ndi manja awiri, poti dzina lolembedwa pamwamba silinali lawo. A Jeremiah anazengereza, nailandira, nanena kuti mbuzi zabwino zimatha msanga, natsazika.

"Agogo, chubu changa chija bwanji?" anatero wakabaza wina amene anali atatsamira mtengo nthawi yonseyi. "Anthu akundithawa uku."

A Francisko anapopa chubucho, nachimiza m'beseni, nayamba kuchizunguliza pang'onopang'ono kufuna pamene pakutuluka thovu. Anachizunguliza chonse, nayambiranso.

"Apo, agogo. Mwapadutsa kawiri," anatero wakabazayo, akuloza ndi chala. "Simukuona?"